Mlendo Wathu Anadya Yekha

Lachiwiri, pa 10 Juni, ndinali pakhonde la kuseri ndikusita yunifolomu ndi ayironi ya makala, poti magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Tsikuli ndikulidziwa bwino chifukwa ndinalilemba m'kope langa, momwe ndimasungamo zimene pakamwa panga pamakana kutulutsa. Apo n'kuti ndili Folomu 3. Tinkakhala ku Mzilawaingwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi balaza laling'ono, ndipo abambo anali ndi shopu ya nsalu pafupi ndi msika waukulu. Kwathu kwenikweni ndi ku Machinga, koma ine ndinabadwira ku Mzuzu konkuno.

Amayi anatulukira pakhomo foni ili m'manja.

"Siya zimenezo, achemwali ako akufuna iwe. Ayironiyo uichotse pa siketipo."

Achemwali anga anali ku Moroko, komwe anapeza mwayi wa sukulu ya ukachenjede. Chinali chaka chawo chachinayi, ndipo chipitireni anali asanabwereko. Ndinatenga foni n'kupita nayo kuseri kwa bafa, kumene mawu ankamveka bwino.

"Kukubwera mlendo Lachisanu," anatero. "Mwana wa amayi aja a kunyanja."

Sindinafunse kuti amayi ake ati. Nkhani ya amayi a kunyanja tonse m'nyumba mwathu tinkaidziwa, ine kuposa wina aliyense, chifukwa ndinailemba yonse m'kope momwe achemwali ankaifotokozera, pang'onopang'ono, Lamlungu lililonse.

Pa tchuthi china anzawo onse atabalalika, achemwali anabereka chikwama kumsana n'kuyamba kukwera mabasi kulowera kumwera, ati akaone nyanja yamchere. Abambo anadzamva ulendo utatha kale, ndipo sanawalankhule milungu iwiri. Achemwali anakafika m'tauni ina yaing'ono ya asodzi, ya nyumba zoyera za zitseko zobiriwira ngati mtambo, kumene mphepo imaomba tsiku lonse osapuma. Anatsika basi thupi likutentha. Nyumba yogona alendo imene anawauza anaipeza yotseka. Ndiye anangokhala pansi pafupi ndi ng'anjo ina, kumene amayi a m'tauniyo amapititsa buledi wawo kuti akawaphikire, chifukwa khoma lake linali lofunda.

Mayi wina wosenza buledi pa thabwa anaima. Anawagwira pachipumi, n'kunena mawu amene achemwali sanamve, kenako ananyamula chikwama chija osapempha, n'kuyamba kuyenda. Achemwali anatsatira chikwama chawo.

Anali anthu a mtundu wa Berber, ngakhale eni ake amadzitcha Amazigh, ndipo ali ndi chilankhulo chawochawo chimene si Chiarabu. M'nyumbamo achemwali anakhalamo masiku asanu ndi anayi. Anawagoneka pa matiresi a mwana wawo wamkazi, mwanayo n'kugona pambali pawo pansi. Masiku awiri oyamba palibe anawafunsa dzina, kumene achokera, kapena tsiku limene adzapite. Ankangowapatsa tiyi wotsekemera kwambiri wa masamba a minti, m'timatambula ting'onoting'ono, mayi uja akuthira kuchokera m'mwamba mpaka tiyiyo achite thovu.

Koma chimene achemwali ankachibwereza kawirikawiri chinali cha chakudya. Kumeneko banja lonse limazungulira katebulo kakafupi, pakati n'kuikapo mbale imodzi yadothi ya chivindikiro chosongoka ngati denga la nkhokwe. Aliyense amanyema buledi n'kumatapa mbali imene yayang'anizana naye. Poti achemwali sankatha kudzuka, anaganiza kuti awabweretsera kambale kawo kuchipinda. M'malo mwake anaona chitseko chikutseguka, bambo wa m'nyumbamo atanyamula tebulo lonse, ena onse ali pambuyo. Anakhala pansi mozungulira matiresi, mpaka agogo osaona bwino. Mayi uja ankakankhira nsomba yonona kumbali ya achemwali ndi chala, akaibweza iye n'kuikankhiranso. Atayamba kupeza bwino anafunsa mwana wamkazi uja, amene ankalankhula Chifalansa ndi Chingelezi pang'ono, kuti ankavutikiranji choncho. Iye anadabwa ndi funsolo. Anati m'nyumba mwawo munthu amamuikira chakudya payekha pokhapokha ngati akufuna kuti achoke.

Mwana wamkazi ameneyo ndiye ankabwera. Anali mphunzitsi, ndipo nayenso anali atabereka chikwama chake, akuchokera ku Tanzania kupita ku Zambia. Ku Mzuzu anati akhala masiku awiri, Lachisanu mpaka Lamlungu m'mawa.

"Tamvera bwino," anatero achemwali. "Amayi ndawauza, koma ndikudziwa kuti mutu wawo uli kale pa nkhuku. Abambo sindingayerekeze. Ndikudalira iwe. Asakagone kwina. Zimenezo zikakanika, chimodzi ichi chokha: asadye yekha. Wamva?"

"Ndamva."

"Osangoti ndamva. Ndimakudziwa iwe, ukaona abambo umasanduka mpando. Anthu amene aja anandisambitsa ndikusanza. Ndilibe china chowabwezera. Ndi inuyo basi."

"Sadya yekha," ndinatero. Ndipo madzulo ake ndinalemba mawu omwewo m'kope, n'kudula mzere kunsi kwake.

Lachitatu abambo anabwerako msanga kushopu. Anayendera nyumba yonse ngati akufuna kuigula. Anayang'ana kudenga kopanda siling'i, anasuzumira m'chipinda changa momwe munali matumba a mpunga pakona, kenako anatuluka kukaima kutsogolo kwa chimbudzi chathu chokumba, chimene chitseko chake chinali lata lomangirira ndi waya. Anabwerako akupukusa mutu.

"Mwana wa eni ake sangagone muno," anauza amayi. "Anthu anatisungira mwana wathu ngati mwana wa mfumu, ife tidzamulowetse mmenemuja? Ndakamba kale ndi a loji ina cha ku Kaning'ina. Muli madzi otentha, muli chilichonse."

"Mwachita bwino," anatero amayi. "Akanakanena kwawo kuti mtsikana uja amachokera m'khola."

Ine ndinali pambali ndikusankha nyemba m'lichero. Ndinakweza mutu. Mawu anali okonzeka, ndinali nditawayeseza popita kusukulu ndi pobwera pomwe. Abambo anandiona.

"Ukuti chiyani iwe?"

"Palibe."

"Lachisanu ukaweruka ubwere kushopu. Chizungu chako chija chimene timalipirira chigwire ntchito."

Ndinadziuza kuti za kogona zakanika, monga achemwali ananenera, koma chachiwiri chija chikadalipo.

Lachinayi amayi anapita kwa anansi athu, amayi ena a ku Nkhata Bay amene amuna awo ankagwira ntchito ku banki, kukabwereka mbale zadothi zoyera, mafoloko ndi nsalu ya patebulo. Anabwera nazo eni ake, chidwi chitawagwira.

"Monire mose! Ndamva kuti kukubwera Mwarabu. Mbalezi mundisamalire chomene, ndi za pa ukwati wanga. Ine mwini sindinadyerepo."

"Si Mwarabu," ndinatero chapansipansi, koma palibe anamva.

Lachisanu kunacha ndi chifunga, ndipo pofika masana kunali mvula ya mawawa. Tinaima ndi abambo m'depoti kudikira minibasi za ku Karonga. Ndinkayembekezera munthu wamtali, wovala bwino. Amene anatsika anali wamfupi kundiposa, wakhungu lopsa ndi dzuwa, mpango wofiira kumutu, nsapato zake zapulasitiki zili fumbi lokhalokha. Chikwama chinkamuposa msinkhu. Akabaza anamuzungulira nthawi yomweyo.

"Sista! Sista! Kwera iyi, inayo ilibe mabuleki!"

"Mzungu wanga ameneyo, ndamuona kale ine!"

Iye anawadutsa akuseka, maso ali pa ine. Anandigwira mapewa n'kundipsompsona tsaya ili, ili, kenako ilinso. Ine ndinauma ngati mtengo. Chibadwire palibe anandichitapo zotero, ndiye pakati pa depoti, abambo akuona.

"Ndiwe wolemba m'kope uja," anatero m'Chingelezi chake chodukaduka. "Nkhope ndi ya mkulu wako yeniyeni."

Kenako anawapatsa abambo salamu, dzanja lake n'kuliika pamtima. Abambo anasangalala mpaka anavula magalasi. Anaimitsa takisi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, ndipo tinalunjika ku Kaning'ina.

Pa lojipo panali maluwa ndi udzu wometa bwino. Wantchito anatitsegulira chipinda cha bedi lalikulu, mashiti oyera, ndi zenera loyang'ana kunkhalango. Mlendo anayang'ana uku ndi uku, chikwama chikadali kumsana.

"Kwanu ndi kuno?"

"Ayi. Kuno ndi kogona inu."

"Nanga iwe?"

"Ine kunyumba."

Anayang'ananso bedi lija. Kenako anatsitsa chikwama chija pang'onopang'ono n'kuchitsamiritsa kukhoma.

"Akuti bwanji?" anafunsa abambo.

"Akuti zikomo."

Zikomoyo anadzanenadi pambuyo pake, ndiye sindinaname kwenikweni.

Tinafika kunyumba cha m'ma folo koloko. Amayi anali atavala chitenje chatsopano. Anagwada pomulonjera, iye nayenso anagwada, ndiye anakhala ogwadirana pakhomo mpaka abambo anaseka. Pabalaza panali patasintha. Tebulo linali litayalidwa nsalu ya eni ake ija. Panali mpunga woyera, tchipisi, kabichi, nkhuku yathunthu m'mbale yovindikira, ndi botolo la chakumwa. Mpando unali umodzi. Mbale yodyera inali imodzi, foloko imodzi, tambula imodzi.

Ndiyenera kunena chilungamo pa amayi anga. Kwathu mlendo wolemekezeka timamutero. Mumamuikira chakudya chabwino koposa, mumamusambitsa m'manja, kenako mumatuluka n'kutseka chitseko, kuti adye momasuka popanda diso lomuwerengera nthongo. Agogo akabwera timatero. Ashehe akabwera timatero. Kukhala pansi n'kumadya naye limodzi kuli ngati kumuuza kuti ndiwe wamba, tilingana. Amayi anagona mochedwa masiku atatu kukonzekera ulemu umenewu.

Anamuthirira madzi m'manja, anavundukula mbale zonse, n'kunena kuti, "Auze adye, asachite manyazi. Zonsezi ndi zawo." Ndinamuuza. Abambo anatsanzika kubwerera kushopu. Amayi anandikoka dzanja, ndipo chitseko chinatsekeka kumbuyo kwathu.

Ndikanatha kutsala. Ndaliganizira kambirimbiri dzanja limene lija. Silinali lolimba. Ndikanangoti, "Amayi, achemwali anati ndikhale nawo," mwina akanandisiya.

Ife tinakhala pamkeka pakhonde la kuseri, pafupi ndi mbaula chifukwa cha kuzizira. Chakudya chathu chinali mpunga wa nyemba, m'thireyi imodzi yaikulu, monga timadyera masiku onse, ndi manja. Amayi a ku Nkhata Bay aja anabwera ati kudzaona ngati mafoloko akwana, ndipo amayi anawauza asambe m'manja.

"Yewo, sindikana. Nanga mlendo ali kuti? Ndimuoneko."

"Akudya."

"Yekha? Mwamutsekera ngati nkhuku yofungatira mazira?"

"Kwanu kunyanja mlendo mumamudyetsera pa bwato eti?" anatero amayi. "Ife timadziwa ulemu."

"Ife timam'patsa kondowole, akam'meza bwino ndiye kuti ndi wathu. Akatsamwa, abwerere kwawo."

Anaseka onse awiri, kuseka kokweza. Inenso ndinaseka. Nyumba yathu ilibe siling'i, mawu amadutsa pamwamba pa khoma ngati palibe kanthu.

Tikuseka choncho chitseko cha kuseri chinatseguka. Mlendo anaima pamenepo, mbale yake ili kudzanja limodzi, mbale ya nkhuku kudzanja lina. Anayang'ana mkeka, thireyi, manja athu a nyemba, ndipo nkhope yake inawala. Anayamba kuvula nsapato ndi phazi linzake.

"Ndikhale nanu pano?" anandifunsa.

Amayi anadzambatuka. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kutenga lichero n'kuvindikira thireyi ija.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akhale nafe."

"Pano? Pa utsi pano? Adye nyemba, nkhuku ilipo? Abambo ako akamva atiyesa anthu otani? Auze abwerere m'nyumba, kuno n'kwa ife."

Onse atatu ankandiyang'ana. Panalibe abambo oti ndiziti ndikuwaopa. Panali amayi anga okha, amene ndimagona nawo pamkeka umodzi ndikadwala. Ndinkadziwa nkhani ya tebulo lonyamulidwa kupita kuchipinda, ndinkadziwa tanthauzo la mbale ya payekha kwa munthu ameneyu, ndipo panalibe wina pakhondepo amene ankadziwa zonse ziwiri. Chingelezi chonse chinandithawa, n'kutsala timawu tifupitifupi ta m'buku la Sitandade 5.

"Amayi akuti mubwerere mkati," ndinatero. "Malo ano si anu."

Sindinafune kuti zimveke choncho. Koma ndi mmene ndinanenera.

Anayang'ana lichero lija kanthawi. Kenako anabweza phazi mu nsapato. Amayi anamulanda mbale zonse ziwiri mwaulemu, akumwetulira, n'kumutsogolera pabalaza. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako chitseko. Atabwerako anavundukula thireyi.

"Ndi wodzichepetsa, mwana wa eni ake," anatero. "Analeredwa bwino."

Amayi a ku Nkhata Bay anakweza mutu. Anandiyang'ana ine, n'kupitiriza kudya.

Pokachotsa mbale ndinapeza atadya mpunga pang'ono ndi kabichi. Nkhuku inali momwe inalili. Amayi anaitembenuza ndi supuni, nkhope itagwa.

"Yalimba. Ndinawauza abambo ako kuti yachikuda sangaithe. Mawa tigule yachizungu."

Mlendo asanabwerere ku loji anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa mphatso zochokera kwa amayi ake: paketi ya tiyi, masamba a minti ouma, ndi timatambula sikisi tokulungidwa m'masokosi kuti tisasweke. Anali atayenda nato maiko atatu. Anati akufuna atiphikire tiyi wa kwawo, timwe tonse, angobwereka mbaula ndi ketulo. Ndinamasulira bwinobwino ulendo uno, mawu onse.

"Mlendo sagwira moto," anatero amayi. Anatenga timatambula tija ndi manja awiri, anatiyamikira kwambiri, n'kutiika m'kabati ya galasi, pamwamba penipeni, pamene pamakhala zinthu zosagwiritsa ntchito.

Loweruka m'mawa anandituma kukamutenga kuti ndimuonetse tauni. Ndinakwera kabaza mpaka ku Kaning'ina. Ndinamupeza atakhala pa masitepe a chipinda chake, atafunda bulangete la pa loji. Anati kunkhalangoko kunkalira mbalame zimene sanazimvepo, ndipo analibe womufunsa maina ake.

Tinayenda mumsika. Ankaima paliponse, kununkhiza usipa, kufunsa dzina la mbatata ndi la chinangwa, kuseka ndi amayi ogulitsa tomato amene ankamuphunzitsa kunena kuti "yewo chomene". Pafupi ndi pokwerera minibasi anagula chimanga chootcha chimodzi. Anachithyola pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu.

Ndinalandira. Koma amayi anatilera kuti mtsikana sadya akuyenda pamsewu, ndipo mzere umenewo ndi wa mashopu a anzawo a abambo, anthu a kwathu amene amandidziwa kuyambira ndili khanda kumbuyo kwa amayi. Mmodzi anali ataima pakhomo la shopu yake akutiyang'ana. Ndinachigwira chimangacho m'manja, chikundiotcha, kenako chikuzizira. Iye anadya chake mpaka chitsononkho. Anaona changa, n'kuyang'ana kumbali.

Tinakhala pa benchi ina kuseri kwa positi ofesi.

"Ndikufunse," anatero. "Pali chimene ndalakwitsa kwanu?"

"Ayi."

"Mwina kavalidwe? Kapena poti ndikuyenda ndekha wopanda mwamuna? Undiuze, sindikwiya."

"Ayi. Ndi ulemu. Kwathu timatero."

Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Ndikanafotokoza zambiri, za chimbudzi chathu, za abambo ataima kutsogolo kwake, za amayi kubwereka mbale. Koma zimenezo zinali zamanyazi a m'nyumba, ndipo sindinadziwe ngati ndili ndi chilolezo chozitulutsa.

"Mkulu wako atachoka kwathu, amayi analira masiku awiri," anatero. "Mpaka lero Lachisanu lililonse amafunsa ngati wadya. Pobwera kuno anandituma chinthu chimodzi. Anati ukakhale pansi ndi mayi amene anabereka mwana ameneyu, ukaone mmene amadyera, mmene amasekera, udzandiuze ngati amafanana. Kuseka ndakumva, kudzera pakhoma." Anamwetulira pang'ono. "Ndikawauza kuti amafanana."

Pamenepo ndinafuna kulira, koma ngakhale kulira kunandichititsa manyazi. Ndinangoyang'ana chimanga chija.

Kenako ananena kuti wamva zoti pali basi ya ku Lilongwe yonyamuka masana omwewo, ndipo ndi bwino akwere imeneyo. Anati amayi anga atopa kwambiri chifukwa cha iye, ndipo si bwino mlendo kutopetsa nyumba.

Abambo atamva anatuluka m'shopu tepi yoyezera nsalu ili m'khosi.

"Afunse, ku loji kuja kwavuta china? Madzi sanatenthe? Ndikawalankhule."

Anati chilichonse chinali bwino, njira ndiyo yatalika. Abambo anachonderera kawiri, kachitatu anasiya. Ndinaona kuti akhumudwa, ndipo sankadziwa chimene chalakwika.

Amayi anabwera kudepoti pa kabaza, atanyamula kontena ya nkhuku yachizungu ija, imene anali ataiphika kale kuti idzakhale ya madzulo. Anamupatsa kuti akadye m'basi. Iye analandira ndi manja awiri. Kenako anawagwira amayi mutu n'kuwapsompsona pachipumi, nthawi yaitali. Amayi anaima chilili, manja ali lende, ndipo basi itatuluka pageti ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mwana wabwino," anatero. "Koma sakudya. Adzadwala m'njiramu."

Ine mlendoyo anandipsompsona kamodzi kokha.

Lamlungu masana achemwali anaimba monga mwa nthawi zonse. Amayi anafotokoza zonse mokondwa: takisi, loji ya madzi otentha, mbale za ku Nkhata Bay, nkhuku ziwiri. Ndinali pafupi ndikupukuta mafoloko oti tibweze. Amayi atamaliza ndinamva achemwali akuti, "Mundipatsire mwanayo."

Amayi anandipatsa foni koma sanachoke. Anakhala pompo akupinda nsalu ya patebulo.

"Wandilembera uthenga," anatero achemwali. "Akuti amayi ndi mfumukazi, abambo ndi munthu wa mtima waukulu, iwe ndiwe wofatsa ngati mphaka. Akuti zonse zinali bwino. Koma wachokeranji Loweruka? Za loji ndamva, zimenezo ndinaziyembekezera. Tandiuza chimodzi. Unadya naye?"

Ndinayang'ana amayi. Ankasalaza nsalu ija ndi chikhatho kuti ibwerere kwa eni ake yopanda khwinya.

"Eya," ndinatero.

"Zoona?"

"Eya."

Ndinamva akupuma mpweya wautali.

"Basi, mtima wanga wakhala pansi. Zikomo, mng'ono wanga. Ndinadziwa kuti sungandigwetse. Mwezi wamawa ndikupita kunyanja kuja, ndikalowa m'nyumba muja mutu uli m'mwamba."

Foni itaduka ndinatenga mbale za eni ake n'kukabweza. Amayi a ku Nkhata Bay anaziwerenga ndi maso, n'kundifunsa ngati mlendo wafika bwino. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ananso momwe anandiyang'anira Lachisanu, n'kunena kuti, "Iwe mwana, pakamwa ukusungira ndani?" Ndinaseka ngati ndi nthabwala, n'kuthawa.

Dzuwa lisanalowe ndinakhala pakhonde la kuseri ndi kope langa. Ndinayamba ndi kukwiyira abambo, tsamba lathunthu. Kenako amayi, theka la tsamba. Koma polemba ndinaona kuti iwo anapereka zonse zimene ankadziwa kupereka, ndi zobwereka zomwe. Amene ankadziwa china ndinali ine ndekha. Mlendo uja anatibisira manyazi athu kwa achemwali, ndipo sadzaulula, ndinamuona mmene alili. Amayi ake akadzamufunsa adzanena zabwino zokhazokha. Palibe adzandigwire bodza limeneli. Achemwali adzakhala pa katebulo kaja, mayi uja akuwakankhira nsomba, mnzawo ali pambali pawo akudziwa zimene zinachitika kwathu, iwo okha osadziwa, akuyesa kuti ngongole ya mtima inabwezedwa. Adzasekerera pamene sapayenera kusekerera, chifukwa cha ine.

Chimenecho ndicho chinandikanika kumeza.

Ndinaganiza zolemba uthenga pa foni ya amayi iwo ali kubafa, n'kuufufuta ukapita. Zikanakhala zosavuta, kulemba ndimatha. Koma ndinaona kuti kumeneko n'kubisalanso kuseri kwa chitseko. Ndiye ndinalemba kunsi kwa tsambalo zimene ndidzachite Lolemba. Ndikaweruka sindidzabwera kunyumba. Ndidzapita kushopu, ndidzadikira kasitomala atuluke, ndidzapempha abambo foni yawo, ndipo ndidzaimbira achemwali pompo, abambo ali pa kauntala akumva. Ndidzayamba ndi kunena kuti dzulo ndinanama.